Pistol ya mpweya yomalizira mbalame yovulala: ya gasi, ya sipuling'i, yopopa kapena ya PCP?

Aliyense amene amawomba nkhunda m'mashedi a ng'ombe kapena kutchera akhwangwala pa mafamu a ku Britain amakumana nayo mphindi iyi. Mbalame yagwa koma sinafe. Phiko lathyoka, yakwawira kuseri kwa mabelo a udzu, maso ali mwaa, ikupuma mwabefu. Apa nkhani ya kuteteza chakudya cha ziweto yatha, chatsala ndi kufupikitsa ululu umene mwayambitsa nokha. Ambiri amaganiza zogula pistol ya mpweya yochitira ntchito imeneyi, ndipo amafunsa kuti yamphamvu kwambiri ndi iti. Funso loyenera ndi lina: ndi iti imene idzatulutse mphamvu yomweyo pa chipolopolo choyamba, m'mawa wozizira wa Januwale ngati masana otentha a Julayi, inu muli chogwada pa manyowa, zala zitauma ndi kuzizira?

Tinenerenso poyamba pomwe kuti pistol si chida choyamba pa ntchitoyi. Ili ndi malo ake, koma ndi ochepa kuposa mmene ogulitsa amanenera.

Malire amene lamulo laika

Ku England ndi ku Wales munthu wa zaka 18 kapena kuposa angagule mfuti ya mpweya popanda chiphaso, bola mphamvu yake isadutse malire. Mfuti yaitali malire ake ndi 12 ft-lb (foot-pound, muyeso wa mphamvu ya chipolopolo), pistol ndi 6 ft-lb, omwe ndi ma joule pafupifupi 8. Pistol ikangodutsa 6 ft-lb imasanduka chida choletsedwa pansi pa Firearms Act 1968, ndipo mlandu wake ndi wopita nawo kundende, ngakhale mutanena kuti simumadziwa. Ku Scotland kuyambira pa 31 Disembala 2016 pamafunika Air Weapon Certificate ngakhale pa pistol yofooka, ndipo ku Northern Ireland mfuti iliyonse yoposa joule imodzi imafuna chiphaso cha mfuti. Mukamagula ku sitolo, lamulo limafuna kuti muilandire pamaso ndi pamaso kwa wogulitsa wolembetsedwa, osati kudzera pa positi.

Mbalame nazo zili ndi lamulo lake. Wildlife and Countryside Act 1981 imateteza mbalame zonse zakutchire, kuphatikizapo khwangwala ndi nkhunda ya m'tauni. Zimene timati mbalame zowononga zimaphedwa pansi pa zilolezo zotchedwa general licence, ndipo ku England ndi GL40 yoteteza zachilengedwe, GL41 ya umoyo ndi chitetezo cha anthu, ndi GL42 yoletsa kuwonongeka kwa mbewu, ziweto ndi chakudya chake. Simulembetsa, koma muyenera kuwerenga ndi kutsata zolembedwamo, ndipo mndandanda wa mbalame umasintha. Mu Epulo 2019 bungwe la boma la Natural England linachotsa mwadzidzidzi zilolezo zitatu zakale, anthu ambiri n'kudzuka ali kunja kwa lamulo. Wales ndi Scotland ali ndi zilolezo zawozawo. Onaninso miyendo ya nkhunda musanawombe: yokhala ndi mphete ndi ya mpikisano, ili ndi mwini wake.

Kwa inu amene mwalembedwa ntchito pa famu, pemphani mwini malo akulembereni chilolezo papepala. Kulowa pamalo a wina ndi mfuti ya mpweya popanda chilolezo ndi mlandu, chipolopolo chikadutsa malire a malowo ndi mlandunso. Mbalame ikakhala mumsampha kapena m'manja mwanu, Animal Welfare Act 2006 imaitenga ngati nyama imene mukuisamala, choncho kuizunza popanda chifukwa kungakufikitseni kukhoti. Kumiza m'madzi kapena kuisiya ife yokha m'thumba si njira zololedwa.

Chimene chipolopolo chiyenera kuchita

Cholinga ndi chimodzi, kuwononga ubongo nthawi yomweyo. Ubongo wa nkhunda ndi waung'ono ngati mbewu ya nsawawa yokhwima bwino, uli kumbuyo kwa diso, chakumtunda pang'ono. Kutsogolo kwa diso kulibe kanthu koma mlomo ndi mphuno. Chigaza cha mbalame ndi chopyapyala, moti pa mtunda wa masentimita ochepa mphamvu ya 3 ft-lb ingachiboole ngati zonse zayenda bwino. Vuto ndi lakuti pa famu zonse siziyenda bwino. Mutu umatembenuka pamene mukuwomba, chipolopolo chimalowa chopendekera, nthenga za khwangwala ndi zolimba, gasi wazizira. N'chifukwa chake ife timati pistol yomalizira izitulutsa pakati pa 4.5 ndi 5.5 ft-lb. Pansi pa apo mulibe chotsalira chokonzera cholakwa, pamwamba pa apo mwayandikira kwambiri malire a lamulo.

Manambala a pa bokosi musawakhulupirire. Amayezedwa ndi zipolopolo zopepuka kwambiri kuti liwiro lioneke lalikulu, ndipo nthawi zambiri ndi a mtundu wogulitsidwa ku America. Yezetsani pa chronograph, kachipangizo koyezera liwiro komwe masitolo ambiri a mfuti ndi makalabu owombera ali nako. Masamu ake ndi osavuta: kulemera kwa chipolopolo mu ma grain (muyeso woyezera zipolopolo), kuchulukitsa ndi liwiro mu fps (mafiti pa sekondi), kuchulukitsanso ndi liwiro lomwelo, kugawa ndi 450,240. Chipolopolo cha .22 (cha mamilimita 5.5 kukula kwake) cholemera ma grain 14.3 pa liwiro la 400 fps chimapereka 5.1 ft-lb. Chomwecho pa 430 fps chimapereka 5.9 ft-lb, ndipo apo mwaima m'mphepete mwa phompho. Cha .177 (cha mamilimita 4.5) cha ma grain 7.9 pa 400 fps chimangopereka 2.8 ft-lb. Liwiro limodzimodzi, mphamvu yosiyana pafupifupi ndi theka.

Za gasi wa CO2: Crosman 2240 ndi zinzake

Mukafunsa pakati pa anthu otchera misampha ku Britain, dzina limene mudzamve kawirikawiri ndi Crosman 2240. Ndi ya .22, imalowa chipolopolo chimodzi, imagwiritsa kabotolo ka gasi ka magalamu 12, ndipo ndi imodzi mwa zotsika mtengo zimene zimafikadi pa 5 ft-lb. Siidumpha m'manja, ndi yopepuka, mungaiwombe ndi dzanja limodzi, ndipo kuikanso chipolopolo chachiwiri kumangotenga masekondi ochepa. Diana Chaser ndi CP2 yogulitsidwa ndi SMK zili m'gulu lomweli, zinazo zili ndi magazini.

Chofooka chake chili mu gasi mwenimwenimo. CO2 amakhala wamadzi m'kabotolomo, ndipo mphamvu imene amakankha nayo imadalira kutentha basi. Pa madigiri 20 amakankha ndi ma bar (muyeso wa kupanikizika) pafupifupi 57, pa madigiri 0 amatsikira pa 35, pa madigiri 30 amapitirira 70. Tanthauzo lake ndi lakuti pistol imene munayeza m'sitolo yofunda ikakhala usiku wonse m'galimoto mu Febuluwale idzakhumudwitsa pa nthawi imene mukuifuna, ndipo nyengo yozizira ndi imene nkhunda zimadzaza m'mashedi. Mbali inayo ndi yoopsa mwanjira ina: pistol yotulutsa 5.8 ft-lb pa tsiku lozizirira ikaotha dzuwa pa dashibodi ikhoza kudutsa 6. Amene amaisintha ndi kuikamo paipi yaitali kapena valavu yotsegula kwambiri, monga zikuonekera pa mavidiyo a ku America, amadutsa malirewo mosadziwa.

Pali zinanso zazing'ono zimene zimapweteketsa mbalame. Kabotolo kamodzi kamapereka zipolopolo zamphamvu pafupifupi 30, kenako mphamvu imayamba kutsika mwakachetechete, phokoso lokha ndi limene limasintha. Palibe geji yokuuzani zotsala. Mukasiya kabotolo m'kati kwa milungu, timphira totseka gasi timaphwanyika ndipo tsiku lina mudzapeza mulibe kanthu. Mukamachotsa tsiku lililonse, ndiye kuti mbalame imodzi ikudyerani kabotolo kathunthu. Pa 2240, mukamanga chotsekera muyenera kukoka ndi kuwomba kamodzi popanda chipolopolo kuti kabotolo kaboole, ndipo zimenezi muchite musanayambe ntchito, osati mbalame ili kuthatha patsogolo panu. Dontho limodzi la mafuta a Pellgunoil pansonga ya kabotolo limasunga timphirato. M'nyengo yozizira sungani mabotolo m'thumba la m'kati mwa jekete, ndipo mukangofika pa zipolopolo 25 sinthani.

Kwa munthu woyendera misampha ya Larsen (makola a waya okhala ndi mbalame yamoyo yokopa zinzake) kuyambira Malichi mpaka Julayi, 2240 ndi yokwanira. Kwa wogwira ntchito m'mashedi chaka chonse, sitiilimbikitsa.

Ya sipuling'i: Weihrauch HW45

Iyi siifuna gasi, siifuna pampu, siisamala za nyengo. Mungaisiye m'kabati miyezi isanu ndi umodzi, mukaitulutsa idzawomba monga inawombera tsiku lomaliza. Pa ntchito imene imabwera mwadzidzidzi, mwina kawiri pa mwezi, khalidwe limeneli limaposa zina zonse. HW45 imapangidwa ku Germany, ku America imadziwika kuti Beeman P1, ndipo ndi imodzi mwa ma pistol a sipuling'i ochepa amene amafika pa 5 ft-lb. Ya .177 ili ndi malo awiri okokera: mukaimira pa loyamba mphamvu ndi yochepa, mukakoka mpaka kumapeto ndi yonse. Pa ntchito yathu malo oyambawo ndi msampha, chifukwa munthu wofulumira akhoza kuimira pomwepo. Kokani mpaka kumapeto nthawi zonse.

Mtengo wa kudalirika kwakeko ndi kukoka. Mumamasula kaloko kooneka ngati hamala kumbuyo, n'kutembenuzira gawo lonse lapamwamba kutsogolo, ndipo pamafunika manja awiri ndi mphamvu ndithu. Chipolopolo chimalowa kumbuyo kwa paipi pamalo opanikizika, povuta ndi magolovesi. Poika, dzanja limodzi ligwire gawo lapamwambalo mwamphamvu, chifukwa likamasuka mwangozi limathyola zala. Kuwombanso kachiwiri kumatenga masekondi khumi kapena kuposa, omwe ndi ambiri kwa mbalame imene mwaiphonya. Imalemera kupitirira kilogalamu imodzi, imadumpha ikawomba, koma pa masentimita asanu kudumphako sikusintha kanthu ngati mwaigwira ndi manja awiri.

Zinthu zitatu zimaiwononga. Kuwomba popanda chipolopolo kumamenyetsa pistoni pachitsulo. Kuisiya yokoka kwa maola ambiri kumafooketsa sipuling'i, choncho simungayende nayo yokonzeka tsiku lonse. Ndipo mafuta wamba akalowa m'chipinda cha mpweya amayaka ndi kutentha kwa kupanikizako, pamatuluka utsi ndi phokoso, liwiro limakwera mosadziwika, mpaka kudutsa malire a lamulo.

Ma pistol ena a sipuling'i otchuka, monga Webley Tempest ndi Gamo P-900, ndi abwino powomba zitini koma amatsalira pansi pa mzere wa 4.5 umene tanena.

Zopopa ndi dzanja

Crosman 1322 ndi mlongo wake 1377 zimasunga mpweya umene mwapopa nokha, kuyambira katatu mpaka kakhumi. Sizisamala za kuzizira, sizidumpha, ndipo mtengo wake ndi wofanana ndi 2240. Papepala zikuoneka ngati yankho. M'munda vuto ndi nthawi: kupopa kakhumi, uku chogwirira chikulira kuti khwa khwa pafupi ndi mbalame yamantha kale, kenako kukoka ndi kuika chipolopolo. Mukaphonya, mubwerezenso zonsezo. Munthu wachifundo amafupikitsa, amapopa kanayi, ndipo chipolopolo chimangovulaza. Ngati ndi imene muli nayo, popani zonse musanayandikire mbalame, ndipo kachibonga kakhale m'thumba kokonzera cholakwa. Webley Alecto imafika pamphamvu yake yonse ndi kupopa katatu kokha, koma kachitatuko n'kolimba kwambiri.

Musazisokoneze ndi zopopa kamodzi, monga Weihrauch HW40, HW75 ndi Beeman P17. Zimenezi zimawomba molunjika bwino zedi pa pepala, koma zimangotulutsa 2.5 mpaka 3 ft-lb. Si za ntchitoyi.

Ma pistol ofanizira mfuti za asilikali, owomba timipira tachitsulo ta BB, asayandikire nyama yamoyo. Mphamvu yake ndi yochepa, gawo lina la gasi limathera pa kugwedeza chapamwamba kuti ioneke ngati yeniyeni, ndipo mpira wachitsulo suphwanyika ukamenya simenti kapena waya, umanjanja n'kubwerera kumaso.

Za PCP

Izi zimadzazidwa mpweya wopanikizika m'kathanki kake, kawirikawiri mpaka ma bar 200. Pa mafunso athu onse zimayankha bwino: mphamvu yofanana chipolopolo ndi chipolopolo, kuzizira sikuzisintha kwenikweni, geji imaonetsa zotsala, mungazisiye zodzaza kwa miyezi, ndipo zokhala ndi magazini zimawombanso m'sekondi imodzi kapena awiri. Weihrauch HW44 ili ndi magazini ya zipolopolo 10 ndipo ndi yapamwamba pa gululi, koma mtengo wake ungagule ma 2240 angapo. Diana Bandit ili ndi magazini ya 9 mu .177 ndi ya 7 mu .22 pa mtengo wotsika, ndipo PP700 imalowa chimodzichimodzi. Onjezani mtengo wa pampu yamanja yapadera kapena botolo la osambira pansi pa madzi la ma bar 300. Pampu ya matayala siingafike ngakhale pafupi, ndipo okosijeni wowotcherera zitsulo asalowe m'menemo ngakhale kamodzi, amaphulitsa mfuti.

Chenjezo lalikulu pa zotsika mtengozi ndi lakuti mtundu womwewo umagulitsidwa m'maiko ena uli ndi mphamvu yoposa 6 ft-lb. Musaitanitse kunja, musagule yakale kwa munthu osaiyeza, ndipo musakhudze sikuluwu ya sipuling'i ya hamala, imene imasintha mphamvu ya pistol. Poyeza gwiritsani zipolopolo zolemera, chifukwa pa PCP ndi pa CO2 cholemera ndi chimene chimatulutsa mphamvu yambiri, ndipo apolisi akailanda sayeza ndi chipolopolo chimene inu mumakonda. Kumanga chogwirira cha paphewa pa pistol musakutenge ngati chilolezo chokwezera mphamvu kufika pa 12.

Magazini ili ndi ngozi yakeyake. Munthu amachotsa magazini n'kuganiza kuti mfuti ilibe kanthu, pamene chipolopolo chimodzi chinalowa kale m'paipi. Mukamaliza, chotsani magazini, lozani pa dothi lofewa, wombani, kenako ndiye muiike m'chikwama.

Ngati ntchito yanu ndi yothana ndi nkhunda m'mafakitale ndi m'nyumba zosungira katundu mlungu uliwonse, PCP imabweza ndalama zake. Ngati mumamaliza mbalame khumi pa chaka, mwagula ng'ombe kuti mulime dimba la pakhonde.

Zida zimene nthawi zambiri zimaposa pistol

Amene anakulira kumudzi ndi legeni amadziwa kale kuti mbalame ikakhala m'manja, dzanja limafulumira kuposa chida chilichonse. Alenje a ku Britain ali ndi kachibonga kotchedwa priest, ka mtengo wolimba kapena chitsulo, kotalika masentimita 20 mpaka 30, kolemera kumutu. Mumagwira mbalame mapiko atapindidwa pathupi, n'kumenya mwamphamvu pankhongo, kenako kachiwiri nthawi yomweyo osadikira kuona. Sikatha gasi, sikanjanja, sikafuna chiphaso, ndipo kamagwira ntchito pa simenti, m'shedi ya malata, pafupi ndi ng'ombe. Cholakwa chake ndi chimodzi, kumenya mwamantha. Kumenya pang'ono kanayi ndi nkhanza yoposa kumenya kamodzi ndi mphamvu yonse.

Kudzula khosi kumagwira pa nkhunda ndi mbalame zina zazing'ono, koma si kupotokola kapena kuzunguza mbalame m'mwamba. Dzanja limodzi limagwira miyendo ndi nsonga za mapiko pafupi ndi chiuno chanu, zala ziwiri za dzanja linalo zimagwira kumbuyo kwa chigaza, ndipo mumakokera pansi mwamphamvu kamodzi uku mukupindira mutu kumbuyo. Mukakhoza mumamva mpata pakati pa mutu ndi fupa loyamba la khosi. Pa nkhuku zoweta lamulo limalola njirayi ndi manja pa mbalame yosapitirira makilogalamu 3, ndipo malire amenewo ndi muyeso wabwino kutchire komwe. Mbalame siikomoka nthawi yomweyo pa kudzula kokha, choncho ngati kachibonga kalipo, yambani ndi iko. Mapulayala ophwanya khosi amatswanya fupa popanda kudula mitsempha bwino, ndipo bungwe la Humane Slaughter Association siliwavomereza.

Khwangwala wa mu Larsen amamalizidwa bwino pomutulutsa ndi golovesi yachikopa, chifukwa amaluma, n'kupita naye kumbali kumene khwangwala wokopa anzake sakuona. Kuwombera m'kati mwa msampha n'kovuta kuposa mmene kumaonekera: mbalame ikudumphadumpha, waya ali mbali zonse, ndipo yokopayo ili masentimita ochepa kuchokera pomwepo.

Mbalame ikakhala pa mamita atatu kapena kuposa, pa denga, pa mtanda wa shedi, kapena ikuyenda, pistol siyenera kutuluka m'chikwama. Bwerezani ndi mfuti yaitali imene munawombera poyamba. Kumbukirani kuti scope, galasi loyang'anira la pa mfuti, ili masentimita anayi kapena asanu pamwamba pa paipi, choncho pa mamita awiri mpaka asanu chipolopolo chimagwera pansi pa mtanda wa m'galasi, ndipo chithunzi chimakhala chosaoneka bwino pokhapokha mutatsitsa kukuza kwake. Ambiri amene amati akufuna pistol kwenikweni akusowa kuphunzira mfuti yawo pa mtunda waufupi. Theka la ola ndi katoni pa mamita 1, 2, 3 ndi 5, n'kulemba pa tepi yomata pa mfutiyo, limathetsa vutoli popanda kugula kanthu.

Nanga pistol imapambana pati? Pamene mbalame ili pafupi moti dzanja lotambasula lifika koma simungaigwire: pakati pa mabelo, pansi pa chodyera ng'ombe, m'kati mwa minga, m'chipinda cha denga mmene mfuti yaitali singatembenuke. Imathandizanso pamene simukufuna kuigwira mbalame chifukwa cha matenda, ndi kwa munthu amene manja ake alibe mphamvu yomenya kamodzi kokwanira. Tsekwe wa ku Canada, amene amalemera makilogalamu anayi kapena asanu, si wa pistol ya 6 ft-lb.

.22 kapena .177, ndipo chipolopolo chanji

Pa ntchitoyi .22 ndi yabwino. Imaboola dzenje la mamilimita 5.5 m'malo mwa 4.5, imasiya mphamvu yambiri m'mutu m'malo modutsa, ndipo chipolopolo chake chimagwirika ndi zala zozizira. Ubwino wa .177, womwe ndi kuuluka mowongoka patali, ulibe ntchito pa masentimita asanu. Chipolopolo cha mutu wafulati monga RWS Hobby, cholemera ma grain 11.9 mu .22, chimamenya bwino chigaza cha nkhunda ndipo sichidutsa kwambiri. Pa khwangwala ife timakonda cha mutu wozungulira monga RWS Superdome cha ma grain 14.5 kapena H&N Field Target Trophy, chifukwa chimalowa ngakhale mutu utapendekera. Zosongoka sizionjezera kanthu. Zokhala ndi dzenje kumutu sizifutukuka kwenikweni pa liwiro la pistol. Zopanda mtovu ndi zolimba ndipo zimanjanja kwambiri pa simenti. Chipolopolo chagwa pansi kapena chapindika siketi yake (mbali yopyapyala ya kumbuyo) chitayeni, chifukwa mpweya umadutsa m'mbali ndipo mphamvu imatsika.

Kuwomba kwake

Yambani ndi kuyang'ana kuseri kwa mutu, osati mutuwo. Chipolopolo chikhoza kudutsa, ndipo chiyenera kukathera pa dothi lofewa, pa udzu kapena pa belo. Ngati kuseri kuli simenti, mwala, chitsulo, madzi kapena phazi lanu, sinthani mbali kapena gwiritsani kachibonga. Valani magalasi oteteza maso. Musagwire mbalame ndi dzanja limodzi uku mukuwomba ndi linalo, ndipo mnzanu asakugwirireni.

Fikani kuchokera kumbuyo, modekha. Kamwa ya paipi ikhale masentimita awiri mpaka asanu kuchokera pamutu, osakhudza, chifukwa mbalame ikakhudzidwa imadzidzimuka. Malo abwino ndi pankhongo, kuloza chakumlomo. Ngati muli m'mbali, lozani kumbuyo kwa diso, chakumtunda pang'ono. Apa ndi pamene ambiri amalakwa: pa mtunda umenewu zoyang'anira za pistol zimanama. Zili masentimita awiri kapena kuposa pamwamba pa paipi, choncho mukachalira nazo pa ubongo, chipolopolo chimalowa pakhosi kapena pachibwano. Lozani ndi paipi yeniyeniyo. Phunzirani pa mbatata ya kachewere yojambulidwa kadontho ndi cholembera, zipolopolo makumi awiri kapena atatu, mpaka dzanja lizolowere. Dikirani mutu ukhale bata. Masekondi atatu odikira ndi ochepa poyerekeza ndi mlomo wosweka. Musawombe pachifuwa ndi pistol: nthenga za mapiko, nyama ya pachidali ndi chithokomiro chodzaza tirigu zimamwa mphamvu yonse.

Ubongo ukawonongeka mbalame imaphupha mwamphamvu, mapiko amakupiza, miyendo imapalasa, nthawi zina mpaka mphindi yathunthu. Zimenezi zimachokera mu msana, monga nkhuku yodulidwa mutu, ndipo sizisonyeza kuti ikumva. Zizindikiro zenizeni zili pamutu ndi pachifuwa. Mbalame imene idakali moyo imadzutsa mutu, imapuma motsatizana, imalira, ndipo mukakhudza diso ndi kaudzu, kachikopa koyera ka m'kati kamatseka. Mukaona chimodzi mwa izi, bwerezani pompo, ndi chipolopolo kapena ndi kachibonga, chilichonse chimene chili pafupi. Yakufa khosi limalendewera, diso silitseka, chifuwa chili zii. Khalani nayo mpaka kuphupha kuthe, kenako onaninso.

Gwirani mitembo ndi magolovesi otaya, chifukwa nkhunda za m'mashedi zimanyamula matenda a psittacosis ndi salmonella. Mbalame yakutchire imene mwaipeza ikudwala popanda bala, mutu wopindika kapena ikuzandima, musaigwire ndi manja: chimfine cha mbalame cha H5N1 chakhala chikuvuta ku Britain kuyambira 2021, ndipo mbalame zakufa zokayikitsa zimanenedwa ku Defra, unduna wa boma woona za ulimi ndi zachilengedwe. Mtembo wokhala ndi chipolopolo cha mtovu usasiyidwe poyera pamene akabawi, nkhandwe kapena agalu a pa famu angaudye. Pistol ikapanda kugwira ntchito ikhale yopanda chipolopolo, m'chikwama chotseka, ndipo kunyumba ikhale yokhomeredwa: kuyambira 2011 kusiya mfuti ya mpweya pamene mwana wosakwana zaka 18 angaitenge ndi mlandu pawokha.

Mukatifunsa kuti tisankhe imodzi yoika m'galimoto ya pa famu chaka chonse, titenga HW45 ya .22, yoyezedwa pa chronograph kamodzi pa chaka, ndi kachitini ka Superdome. Kachibonga kakhale m'thumba la kudzanja limene mumagwiritsa, chifukwa pa mbalame zambiri kadzafika pistol isanakokedwe.